Chikwama cha Mlamu Wanga Zuze

Tadala, wandichititsa kulemba mutu uno ndiwe. Unabwera ndi foni yako tsiku lija n'kundionetsa azungu akuyenda m'misewu ya kwawo atabereka zikwama zodzaza zitsulo, akumwetulira ngati akupita ku ukwati. Unati zimene ndimachita m'mawa zija ndi fasho masiku ano, anthu amachita kulipira kuti awaphunzitse. Ndinakukalipira, ndipo sunadziwe chimene unalakwa. Mchimwene wako Yohane naye wakhala akundifunsa chiyambire ali ku sekondale chifukwa chimene azakhali anu a Falesi saponda pakhomo pano, chikhalirecho kwa Makhanga ndi tsidya lomweli. Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi. Pakamwa sindingalinene osapsa mtima, n'chifukwa chake ndalemba. Za ubwana wanga musaziyembekezere muno. Ndinaweta mbuzi kwa Ndamera ngati wina aliyense, mayeso a folomu 4 ndinakhoza movutikira, basi.

Chaka choyamba cha ntchito

Ndinalowa usilikali ndili ndi zaka makumi awiri, nkhondo ya ku Mozambiki isanathe. Atatimeta mipala n'kutipatsa jombo zosatikwana, anatiika m'manja mwa sajeni wina wamfupi, dzina lake Gwaza. Munthuyu sankakuwa, ndipo n'chimene chinkaopsa. Anaponyera aliyense chikwama chobiriwira ndi thumba lopanda kanthu, natiuza kuti tikadzazemo mchenga, tisoke kukamwa kwake, tibwere nalo pa sikelo. Sikeloyo inali ya mbedza, yonga ya ogula thonje, yopachika mumtengo wa mango. Makilo makumi awiri, osachepera, osapitirira. Kuwonjezera apo mfuti ndi botolo la madzi. Mnzathu wina wa m'tauni anafunsa kuti nanga malole onse aja ntchito yake n'chiyani. Gwaza anamuuza kuti lole imathera pamene pathera msewu, ndipo mdani sadikira munthu pamsewu. Anati agogo ake anasenzera azungu mabokosi a zipolopolo pa nkhondo yawo yoyamba ija, ali amtengatenga opanda ndi nsapato zomwe, ndipo chiyambire pamenepo palibe chasintha: msilikali ndi amene amafika kumene wamutuma katundu ali kumsana, mphamvu zowombera akadali nazo. Atatero anamuzungulitsa bwalo kasanu wa m'tauni uja.

Malamulo ake ndikuwakumbukira onse. Thumba likulungidwe m'bulangete, likhale m'mwamba pakati pa mapewa, osati kulendewera m'chiuno. Malamba akhale othina. Masokosi awiri, sopo wouma kuzidendene. Mchenga ukhale wouma, chifukwa wonyowa umadzaza thumba lomwelo koma kulemera kwake n'kwina. Ndipo lamulo limene ankalibwereza kwa amene ankaoneka kuti adzakwera pa udindo: ntchito ya sajeni woyenda kumbuyo kwa gulu si kukusa anthu ngati ng'ombe, koma kuwayang'ana m'khosi ndi kumsana. Amene wasiya kutuluka thukuta dzuwa lili pamutu, um'chotse chikwama, um'goneke pamthunzi, um'thire madzi, kaya akana kaya alira. Ndalemba zimenezi kuti musadzanene kuti bambo athu sankadziwa. Ndinkadziwa.

M'gulu lonse lija ochokera kuchigwa kuno tinalipo awiri, ine ndi Zuze. Iye anali Msena wa kwa Makhanga, makolo ake anachita kuchokera ku Mozambiki kalekale. Anzathu a kumtunda ankatiseka kalankhulidwe, ankati timanunkha mlamba wowamba. Ine ndinkamenya. Zuze ankangoseka nawo, kenako n'kuwatukwana m'Chisena akuwaweramira mwaulemu, iwo n'kumayankha kuti zikomo. Pa ulendo wathu womaliza, wa makilomita makumi atatu, jombo zinandisenda zidendene mpaka magazi kunyowetsa masokosi. Ndinafuna kukhala pansi. Zuze anandilanda mfuti Gwaza atayang'ana kwina, naikolowekera paphewa lake pamodzi ndi yake, nandiuza kuti ndikakhala pansi akauza kwa Ndamera konse kuti mwana wawo wagonja ndi mchenga. Ndinafika. Popanda iye bwenzi nditabwerera kukaweta mbuzi.

Chaka chachiwiri mpaka chachisanu

Anatitumiza tonse awiri kumalire a kuno ku Nsanje, poti tinkadziwa zilankhulo. Kumeneko ndiye ndinamvetsa zimene Gwaza ankanena. Lole ya gulu lathu inali imodzi, ndipo mwezi wathunthu inkatha kukhala pamiyala kudikira mafuta kapena tayala. Ulonda wonse unali wa miyendo, kukwera mapiri a kumalire, kutsika, chakudya cha masiku anayi chili kumsana. Nyemba zinkabwera zofumbwa, mchere unkatha, jombo zinkasokedwa ndi waya. Bwana wathu anali lefutenanti wina amene anali asanatsikeko kuchigwa chibadwire. Tsiku lonse ankakhala pansi pa mtondo atanyowetsa thaulo pamutu, akutilembera njira papepala ngati mapiri ndi mizere ya m'kope. Ndinakangana naye kangapo, ndipo kawiri ndinagona m'chitokosi.

Chimene chinkanditseka pakamwa ndi anthu othawa nkhondo. Tinkakumana nawo m'tinjira ta m'mapiri: mayi mwana kumsana, wina kumanja, pamutu mtolo woposa chikwama changa, wayenda masiku asanu wopanda madzi okwanira. Zuze ndiye ankalankhula nawo, ndipo kawirikawiri chakudya chake chinkathera kwa iwo. Pa zimenezi palibe amene anam'patsa mzere wa udindo pamkono. Ine ndinapatsidwa woyamba chaka chachinayi, chifukwa akuluakulu anaona kuti anthu amandiopa.

Chaka chomwecho ndinapita naye kwathu pa tchuthi, ndipo anaona mlongo wanga Falesi. Ife ndife Amang'anja, ngakhale tinakulira pakati pa Asena. Kwathu mwamuna amabwera kwa mkazi. Kwawo amalowola, n'kumutenga. Akuluakulu a mbali ziwirizi atakhala pansi kukambirana, ine ndinadzuka osapatsidwa mpata, ndinati mlongo wanga si mbuzi yoti munthu agule n'kuwoloka nayo Shire. Panali anthu oposa makumi awiri. Malume anandithamangitsa pabwalopo. Ukwati unachitika, ndinavina nawo, ine ndi Zuze tinapitiriza kudyera mbale imodzi, ndipo mwana wawo woyamba, Luwisi, ndinamunyamula m'manja mwangamu ali ndi sabata imodzi. Ndinkayesa kuti mawu aja anthu anawaiwala.

Chaka cha khumi ndi chitatu, mwezi wa Okutobala

Pofika nthawi imeneyi ndinali sajeni, mizere itatu. Zuze anali akadali msilikali wamba, ana anayi. Kosi yokwezera msilikali wamba kukhala kopolo anali ataiphonya kawiri, koyamba pa mayeso olemba, kachiwiri pa kuwombera, ndipo malinga ndi zaka zake mwayi wachitatu unali womaliza. Gulu lathu linali pa kampu ya kanthawi kufupi ndi Bangula kuno. Falesi ankachita lendi kuseri kwa msika, akugulitsa nsomba, ndipo Zuze ankaloledwa kukagona kumeneko Loweruka ndi Lamlungu.

Lamulo linabwera kuti tisankhe okapita ku kosi. Chosankhira chinali ulendo wa chikwama, makilomita makumi awiri ndi asanu, kupita n'kubwerera njira yomweyo. Anthu makumi atatu. Lolemba m'mawa ndinayeza zikwama zonse ndekha, cha Zuze chomwe, makilo makumi awiri ndendende. Tinayenera kunyamuka kusanache bwino, koma tinadikira kaputeni wathu, iyenso ankadikira galimoto ya madzi imene sinabwere. Tinanyamuka cha m'ma 8. Inu mukulidziwa dzuwa la Okutobala kuno. Pofika 10 koloko mfuti inkawotcha m'manja.

Ine ndinali kumbuyo. Titatembenuka pa theka la ulendo, Zuze anayamba kutsalira. Anzake anawoloka mtsinje wa Thangadzi, umene nthawi imeneyo umakhala mchenga wokhawokha, nakwera tsidya linalo n'kubisika m'mitengo, iye akadali pakati pa mtsinje, akukoka miyendo. Ndinam'kalipira m'Chichewa, ndinam'kalipira m'Chisena. Pokwera gombe anaterereka, ndipo ndinaika dzanja pachikwama chake kuti ndim'kankhe. Dzanja linamira ngati ndagwira pilo.

Ndinam'vula chikwamacho, ndinang'amba thumba ndi mpeni. Pansi panali mchenga wongokwana m'mbale ziwiri. Kwina konseko thonje, la njere zake, lotsendereka bwino. Thumba la pa sikelo lija anali atalisinthitsa pamene tinkadikira kaputeni, n'kulibisa pathengo pafupi ndi kampu kuti adzalibwezeremo pobwerera.

"Zuze, ichi n'chiyani?"

"Alamu, ndikufotokozerani tikafika."

"Pano palibe alamu ako. Pali sajeni."

Ndikanatha kukuuzani kuti ndinaganiza za anzake makumi awiri ndi asanu ndi anayi amene ankasenza mchenga weniweni, kapena za mbiri yoti sajeni amakondera mlamu wake. Zimenezo zinabwera pambuyo, pofuna kudzikhululukira. Pa nthawiyo m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: munthu uyu wandipusitsa, ndinayeza ndekha chikwama ichi. Funso loti munthu wosenza thonje angatsalire bwanji kumbuyo kwa osenza mchenga silinandifikire n'komwe.

Chapafupi amayi ena anali atakumba chitsime mumchenga, monga achitira nyengo imeneyo, ndipo pambali pake panali mulu wa mchenga wonyowa umene anafukula. Thonje ndinaliponya m'bango. Ndinatenga mbale yachitsulo ya Zuze n'kuyamba kuthira mchenga wonyowawo m'thumba, kutsendera ndi jombo, kuthiranso, mpaka kukamwa. Sikelo panalibe, ndipo sindinaifune. Mayi wina wachikulire anasiya kutunga, nandiuza m'Chisena kuti ndimuyang'ane munthuyo m'maso, akudwala. Ndinawauza kuti asamale ndowa yawo. Ndinam'bereketsa chikwamacho ndekha n'kumanga malamba. Anadzandira, naima, nati, "Takhuta, sajeni." Ndiko kuti zikomo. Kenako ananyamuka.

Anayenda makilomita asanu ndi awiri. Ndinali kumbuyo kwake masitepe atatu, ndipo ndinaona malaya ake akuuma, mchere ukutuwa m'mphepete mwa malamba, khosi lili gwa, louma. Ndinaona. Ndinadziuza kuti afike kaye pa mlambe uwo, amve kuwawa, ndiyeno ndim'chotse. Titafika pa mlambe ndinati afike pa mlatho. Sanafike pa mlatho. Anagwa chammbali, chikwama chinam'potokola m'chiuno, miyendo n'kumaphiriphitha, akuitana mayi ake amene anali atamwalira kale. Madzi a m'botolo langa anali otentha ngati tiyi. Lole inali kutsogolo ndi kaputeni. Tinam'nyamulira pa ngolo ya munthu wina amene ankachokera kumunda.

Sabata yotsatira

Anatsitsimuka tsiku lachitatu. Adokotala anati anali ndi malungo aakulu asanayambe n'komwe ulendo, kutentha kunamaliza zotsala, impso zavulala ndipo sizidzabwereranso mwakale. Fupa la m'chiuno nalo linali litasweka. Za usilikali anati tiiwale.

Chikwama chake anzake anabwera nacho ku kampu, ndipo wina anachipachika pa sikelo. Makilo makumi atatu ndi imodzi, chikhalirecho mchenga unali utayamba kuuma. Kaputeni anandiitana mu tenti yake. Anali munthu wofatsa, ndipo tsiku limenelo anali ndi mantha akeake, poti ulendo unanyamuka mochedwa ndiponso wopanda madzi. Anandiyalira nkhani mosabisa. Anati msilikali wovulala akugwira ntchito yake moyenera amapuma ndi ulemu, penshoni ndi chithandizo cha kuchipatala. Koma akapezeka kuti ankachita chinyengo pa mayeso, amachotsedwa chimanjamanja, kuvulala n'kwake. Anati m'mawa uja chikwama chinali makilo makumi awiri, ndipo kumbuyo kunali anthu awiri okha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nafunsa ngati panali chifukwa china chimene ndinathirira mchengawo, chifukwa ngati chilipo, mlandu wanga upepuka kwambiri. Anandipatsa mpaka Lachisanu.

Ndinapita kuchipatala. Zuze anali chigonere, nkhope yotupa, mapaipi m'mikono. Anadikira kuti namwino atuluke.

"Mwanena, alamu?"

"Sindinanene."

"Ana anayi aja."

"Ndikuwadziwa. Kwa akuluakulu sindinena. Koma mkazi wako umuuze wekha chimene chinali m'chikwama. Asamayese kuti ndinangodzuka n'kufuna kukupha."

Anatembenukira kukhoma. Ine ndinatenga ngati wavomera.

Musaganize kuti zinali zophweka, kapena kuti ndinachita mokondwa. Mizere itatu ija ndinaivutikira zaka khumi ndi zitatu, ndipo dzina langa linali kale pa mndandanda wa okwezedwanso. Iwe Yohane unali ndi zaka zinayi, Tadala ali m'mimba. Masiku awiri ndinkangozungulira kampu ndikutukwana Zuze mumtima. Lachisanu ndinaima pamaso pa akuluakulu atatu n'kunena kuti munthuyo ankachedwetsa gulu, ndinapsa mtima, ndinam'dzazira mchenga wonyowa. Munalibe bodza m'mawu amenewo, munangosowa thonje. Palibe anakayika. Mbiri yanga inkadziwika, ndinali nditagululapo munthu dzino pa mzere wa chakudya. Anandisosola mizere yonse itatu gulu likuona, ananditsekera masiku angapo, kenako ananditumiza kosungira katundu. Zuze anapuma ndi ulemu wake wonse.

Falesi ndinakumana naye pakhonde la chipatala atanyamula beseni. Ndinam'patsa moni. Anayang'ana jombo zanga, napitirira. Kumudzi nkhani inafika msanga, ndipo mawu anga a mbuzi aja anawafukula. Ankati ndinadikira zaka zonsezi kuti ndim'thyole Msena amene anatenga mlongo wanga. Agogo anu aakazi anamwalira akukhulupirira zimenezo. Ndinali pambali pa mphasa yawo, ndipo sindinawatsutse, chifukwa kuwauza iwo kunali kuuza mudzi wonse, ndipo mudzi uli ndi ana ake ku usilikali.

Zaka zotsala, ndi kupuma ntchito

Zaka khumi ndi chimodzi ndinakhala ndikupinda mabulangete ndi kugawa jombo kwa anyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha, ena atasanduka mabwana anga. Mzere umodzi anandibwezera kutatsala pang'ono kuti ndipume. Anandisuntha makampu atatu, koma za kumeneko palibe chokamba.

Zuze anabwerera kwa Makhanga. Khasu silinathekenso. Ankayenda ndi ndodo, miyendo yotupa, n'kumasokera asodzi maukonde atakhala pakhonde. Chaka china madzi atasefukira n'kuwadula kumtunda, ndinawatumizira thumba la chimanga pa boti. Linabwerera pa boti lomwelo, chingwe chake chosamasula. Zuze yekha ndinkakumana naye mwa apo ndi apo pamsika wa Bangula akamachokera kuchipatala. Ankandisekerera, kundifunsa za inu, kundiseka mimba. Ndikam'funsa ngati wamuuza mkazi wake, ankayamba nkhani ya mtengo wa nsomba. Kamodzi ndinam'gwira malaya pakati pa msika, munthu wa ndodo, ndinamutcha wamantha. Anangokana m'Chisena, nati, "Nkhabe, alamu, zisiyeni," nachotsa dzanja langa pang'onopang'ono. Ndinamusungira chakukhosi zaka zambiri. Ndinkati ine ndinam'tayira ntchito yanga yonse, iye akulephera kunditayira mawu asanu m'nyumba mwake.

Nditapuma ndinamanga nyumba ino. Kukhala kunandinenepetsa, ndipo chaka chachitatu anandipeza ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Namwino anati ndiziyenda tsiku lililonse. Ndinayesa kuyenda chimanjamanja, ndinkangodziona ngati munthu wosowa kolowera. Kuthamanga mawondo anakana. Ndiye ndinagula chikwama pa kaunjika, ndinasoka thumba, makilo khumi a mchenga wouma, ndinalikulunga m'bulangete lakale. Ndimanyamuka dzuwa lisanakwere, kutsata msewu wa ku Nsanje, ola limodzi kupita, limodzi kubwera. A kabaza amandifunsa kuti sajeni, nkhondo ili kuti lero. Ena ankati ndapenga, ena ankati ndimazembetsa katundu wa ku Mozambiki, mpaka wapolisi wina anandiimitsa n'kupisa dzanja m'thumba. Sindinama, zimathandiza. Shuga anatsika, msana unalimba, mpweya suthanso msanga. Azungu a mu foni yako sakunama, Tadala. Chimene chinandipsetsa mtima ndi mano aja ali pamtunda.

Aphunzitsi ena a pa sekondale ndi anzawo awiri a m'mashopu anabwera kudzandipempha kuti ndiziwatsogolera Loweruka. Ndinawauza zonse zimene ndikudziwa: ayambe ndi makilo asanu, mchenga wouma, madzi okwanira, asayende dzuwa litakwera, ndipo amene akumva malungo akhale kunyumba. Koma kuyenda nawo ndinakana. Chikwama cha munthu wina sindichigwira, ndipo kumbuyo kwa munthu wosenza sindiyendanso.

Chaka chatha, nyengo ya dzinja

Uthenga unabwera pa foni kuchokera kwa Luwisi, kuti bambo atisiya. Madzi anali atakwera. Ndinawoloka pa boti pa Mtayamoyo, kenako matope mpaka m'mawondo. Inu munali kutauni, simunathe kufika. Pamaliro abale a Zuze anandilandira mwaulemu wozizira, kundipatsa mpando patali pang'ono. Tinamuika pa kamtunda, chifukwa kumanda akale kunali madzi.

Tsiku lachitatu anthu atayamba kubalalika, ndinapeza Falesi kuseri kwa nyumba akuyanika mphasa zimene anthu ankagonera. Anali yekha. Mwiniwake wa chinsinsi anali atapita, ana onse anali atakula, panalibenso choopa. Ndinaima patsogolo pake kuti asandilambalale. Ndinamuuza zonse mwa dongosolo, monga ndalembera muno: dzanja kumira, thonje, kaputeni, Lachisanu lija. Ndinati sindikudziyeretsa, mchenga ndinathira ndine, koma adziwe kuti sichinali chidani cha ukwati wake, ndipo mwamuna wake wapita asanamuuze zoona. Ndinkayembekeza kuti alira, kapena anditcha wabodza. Anamaliza kuyala mphasa imene inali m'manja, naitsindira ndi mwala pa ngodya.

"Thumba lija ndinasoka ndine, achimwene. Thonje ndinakapempha kwa eni nyumba tinkachita lendi ija."

Anapitiriza osandiyang'ana, ndi mawu omwe amayankhulira pogulitsa nsomba. Anati Zuze anafika kunyumba Loweruka lija akunjenjemera, anasanza mpaka Lamlungu. Anamuuza kuti apite kuchipatala, iye anakana, anati dzina likangolembedwa pa odwala ndiye kuti kosi yapita mpaka kalekale.

"Ndiye ndinam'funsa kuti woyenda kumbuyo adzakhala ndani. Anati inu. Ndinati ngati ndi achimwene anga palibe vuto, akazindikira adzayang'ana kumbali. Iye ankakana, ankati sukuwadziwa akavala yunifolomu. Ndinam'kakamiza ndine. Ndinati ndikuwadziwa kuposa iwe, tinabadwa mimba imodzi."

Mtima unandikwera monga umachitira. Ndinam'funsa kuti ndiye zaka zonsezi wakhala akundionera chiyani ngati galu, mayi athu mpaka kumwalira akunditenga ngati chigawenga, iye akudziwa. Ndinakweza mawu, anthu ena anasuzumira pa ngodya ya nyumba. Iye sanakweze ake.

"Munkafuna ndinene kuti chiyani? Zikomo? Kuti munabisa za thonje ndikudziwa, ana anga anaphunzira chifukwa cha zimenezo. Koma amene anam'gwetsa munthu uja ndi awiri. Ndikaona inu ndimakumbuka kuti winayo ndine."

Anatola mphasa ina, naikung'untha. Anati boti lomaliza limanyamuka 3 koloko, ndipo madzi akukwerabe, ndisachedwe. Sanandiperekeze. Panjira ndinakumbuka mmene ndinam'gwirira malaya Zuze pamsika, ndipo ndinazindikira kuti nthawi yonseyo ankatchinjiriza mkazi wake, ndiponso kuti ankam'tchinjiriza kwa ine. Ndinakhala pansi pa chulu mpaka a boti anachita kundikuwira.

Sindinapitekonso, ndipo sanandiitane. Nkhaniyi ikhale ya inu awiri, ana a Zuze asaimve kuchokera kwa ife. Koma inu muziwoloka kukawaona azakhali anu. Ndinaona kuti denga lawo likudontha mbali ya kuchipinda. Yohane, kuseri kwa nyumba kuno kuli malata anayi atsopano. Ukadzabwera pa tchuthi udzapite nawo madzi asanakwere, ukawakhome wekha, ndipo ukanene kuti wagula ndiwe.